Mafunso pa Chichewa: kulapa, kutembenuka mtima ndi mawu ochitira umboni

Makalata a ulendo uno akukhudza mawu amene Akhristu amagwiritsa ntchito ponena za moyo watsopano ndi makhalidwe amene anasiya. Tiyamba ndi funso limene likuonetsa kuti kachidutswa kamodzi ka mawu kangathe kusokoneza umboni wonse.

Mnyamata wina wa ku Ntcheu akuti: "Ndinalemba umboni wanga pa gulu la WhatsApp la achinyamata a mpingo wathu kuti: 'Ndimamwa mowa, ndimatchova juga, koma Yesu anandisintha.' Mkulu wa mpingo wina anandiimbira foni kundifunsa ngati ndikumwabe. Ndinalakwitsa pati?"

Achimwene, mukanalankhula mawu amenewa pakamwa palibe akanakufunsani. Vuto labwera chifukwa munalemba. Kachidutswa -ma- kali ndi ntchito ziwiri m'Chichewa. Mukakweza liwu pa ndi- (NDImamwa) mukunena chizolowezi chanu cha masiku ano. Mukakweza liwu pa -ma- (ndiMAmwa) mukunena zimene zinali kuchitika m'mbuyomu. Khutu limasiyanitsa bwinobwino, koma kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho mawu awiriwa akalembedwa amafanana ndendende. Akuluwo anawerenga tanthauzo loyamba, ndipo sanalakwe kufunsa.

Mankhwala ake ndi -nka-. Lembani kuti: "Ndinkamwa mowa, ndinkatchova juga, koma Yesu anandisintha." Kachidutswa aka kamaloza kale basi. Ngati mukufunabe -ma-, mutchinjirize ndi mawu a nthawi: "Kale ndimamwa mowa."

Samalaninso pofotokoza za lero, pakuti pali njira zitatu ndipo sizinena chinthu chimodzi. "Sindimwanso" akunena mmene mulili tsopano. "Sindinamwenso kuyambira tsiku limenelo" akuwerengera masiku amene apita, ndipo onani kuti mneniyo akuthera ndi -e asanalandire -nso. "Sindidzamwanso" ndi lonjezo la zam'tsogolo. Umboni ndi wa zimene zachitika kale, choncho ziwiri zoyambazo ndi zimene zimakhala bwino pamenepo. Lachitatulo lisungireni nthawi yopanga pangano.

Mayi wina wa Chigwirizano ku Dedza akufunsa: "Kodi kulapa, kuulula ndi kutembenuka mtima ndi chinthu chimodzi? Alaliki ena amangosinthanitsa."

Mayi, mawuwa ndi apachibale koma aliyense ali ndi khomo lake, ndipo njira yabwino yowamvetsera ndi kuwatulutsa kaye m'tchalitchi n'kuwaona kunyumba.

Mwana akakhudza mbaula ya moto n'kupsa, tsiku lotsatira amaizungulira patali. Akulu amati walapa. Munthu amene anamulanda katundu chifukwa cha ngongole ya katapila amati, "Ndalapa ine, sindidzakongolanso." Pamenepa palibe amene wauzidwa chinsinsi. Kulapa ndi kumva kuwawa kwa chinthu mpaka kutsimikiza mumtima kuti sudzachibwerezanso. Tanthauzo limeneli ndi lomwe linalowa m'mpingo.

Kuulula ndi kutulutsa pakamwa chimene chinali chobisika. Wakuba angathe kuulula kupolisi kumene anabisa mbuzi, atatuluka n'kukabanso. Ameneyo waulula koma sanalape. N'chifukwa chake chiganizo chakuti "anaulula machimo ake nalapa" sichikubwereza mawu pachabe, chikutchula zinthu ziwiri. Dziwaninso kuti Akatolika akamati "ndikupita kukalapa" amatanthauza sakramenti la kulapa, pamene munthu amaulula machimo ake kwa wansembe. Kumeneko mawu amodzi anyamula ntchito zonse ziwiri, ndipo ndi kalankhulidwe kokhazikika kamene sitingakatche kolakwa.

Kutembenuka ndi mawu a thupi. Munthu akuyenda, wina amuitana kumbuyo, iye atembenuka. Wokazinga zitumbuwa amazitembenuza m'mafuta kuti mbali inayo ipse. Kutembenuka mtima ndi kuti mtima umene unayang'ana uku wayang'ana kwina. Kulapa kumaloza chimene wachisiya, kutembenuka kumaloza kumene walunjika. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, lili ndi mawu onse awiri: pa Mateyu 3:2 Yohane Mbatizi akuti "tembenukani mitima," pamene pa Machitidwe 2:38 Petro akuti "lapani." Onani kuti polankhula kwa anthu ambiri akuti mitima, osati mtima. Masiku ano ambiri amati "tembenukani mtima" ngakhale pa chikhamu, ndipo zazolowereka, koma polemba ife tingakonde mitima.

Chenjezo limodzi pa mneni ameneyu. Tikati "anzake amutembenukira," ndiye kuti amuukira. Choncho chiganizo chakuti "anatembenukira Mulungu" chingamveke ngati munthuyo anagalukira Mulungu. Musaiwale kwa: "anatembenukira kwa Mulungu."

Wophunzira wina wa sukulu ya ubusa akuti: "Anzanga amandidzudzula ndikati 'ndinapulumuka.' Akuti ndiziti 'ndinapulumutsidwa.' Kodi si zofanana?"

Onse awiri ndi Chichewa chabwino, koma anzanuwo akumva kanthu kenikeni. Aneni othera ndi -ka otere amanena zimene zachitika osatchula wochita: chingwe chamasuka, chitseko chatseguka, mphika wasweka. Aneni othera ndi -idwa kapena -edwa amasonyeza kuti pali wina amene wachita: chingwe chamasulidwa, chitseko chatsegulidwa. Yesani kuwonjezera wochitayo mumve. "Mbuzi yamasulidwa ndi mwana" zikumveka. "Mbuzi yamasuka ndi mwana" sizikumveka.

Wopulumuka pa ngozi ya minibasi angakhale kuti anangodumpha yekha. Wopulumutsidwa alipo amene anamukoka. Ngati cholinga cha umboni wanu ndi kuloza kwa Mpulumutsi, "ndinapulumutsidwa" ndi "ndinamasulidwa" ndiwo akugwira ntchitoyo. Ngati mukufotokoza mmene mukumvera lero, "ndamasuka" ndi woyenera, ndipo ndi wokoma kumva.

Pomwepa tionjezepo -ula, kachidutswa kamene kamabweza zimene zinachitika: kutseka ndi kutsekula, kuyala ndi kuyalula, kuvala ndi kuvula. Pa Aefeso 4:22-24 ndi Akolose 3:9-10 Paulo akunena za kuvula munthu wakale ndi kuvala watsopano. M'Chichewa chithunzichi chinagwera pabwino, chifukwa aneni awiriwa akusiyana lembo limodzi lokha. Koma pa chifukwa chomwecho, wolemba pa foni aziwerenganso asanatumize. Chala chikaterereka, uthenga umauza abale kuti avale munthu wakale.

Wina akufunsa: "Kodi tinene kuti wasiya mowa kapena waleka mowa?"

Zonse zimamveka. Kusiya kumakonda chinthu chimene wachoka n'kuchisiya kumbuyo: wasiya mowa, wasiya fodya, wasiya chibwenzi. Kuleka kumakonda ntchito imene imachitika: waleka kumwa, waleka kutukwana. Malire ake si okhwima.

Okhwima ndi a ana a mneni kuleka. Kulekeza kapena kulekezera panjira ndi kusamaliza. Kulekerera ndi kuona choipa osachiletsa, monga Eli analekerera ana ake m'buku la 1 Samueli. Wina akalemba kuti "ndinalekerera khalidwe loipa" pofuna kunena kuti analisiya, wanena zosemphana ndi zimene akufuna. Ndipo polengeza za m'bale amene wasamukira mpingo wina, pewani kungoti "watisiya." Anthu ayamba kufunsa za mwambo wa maliro.

Mlembi wina wa mpingo ku Zomba akufunsa: "Cholondola ndi chiti, 'mundikhululuke' kapena 'mundikhululukire'? Nanga bwanji timalemba tchimo koma machimo?"

Cholondola ndi "mundikhululukire." Munthu amakhululuka mumtima mwake, koma akamachitira mnzake timawonjezera -ira: kukhululukira. Awiri akachitirana, akhululukirana. Wolandirayo wakhululukidwa. Ndi mmenenso zilili ndi kuchimwa ndi kuchimwira, kulakwa ndi kulakwira. "Ndachimwa" akunena za ine ndekha. "Ndakuchimwirani" akuvomereza kuti pali munthu amene wapwetekeka, ndipo popepesa kwa mkazi wanu kapena kwa mnansi mawu achiwiriwa ndiwo amafika pamtima. Kuchimwitsa ndi kwina, ndi kugwetsa mnzako m'tchimo.

Kusankha pakati pa -ira ndi -era kuli ndi lamulo losavuta. Yang'anani lembo la liwu lomaliza m'tsinde la mneni. Likakhala a, i kapena u, tengani -ira: kulakwira, kusiyira, kukhululukira. Likakhala e kapena o, tengani -era: kulekera, kukhomera. Ndipo pambuyo pa i kapena e timalemba r, osati l. Choncho ndi chikhululukiro, osati chikhululukilo. Kumbali ya Zambia mudzaona l m'malo ambiri otere, koma malamulo a kalembedwe a ku Malawi, kuyambira aja a 1973, amatsata r.

Za tchimo ndi machimo, bambo mlembi, si zachilendo. Mayina ambiri a gulu ili amayamba ndi liwu lokhala ndi mpweya, ndipo mpweyawo umatha akachuluka: phiri ndi mapiri, thupi ndi matupi, khasu ndi makasu. M'kalembedwe kathu tch ndiye wa mpweya, ch ndi wopanda mpweya, motero tchimo ndi machimo. "Matchimo" ndi kulakwitsa. Khalidwe silitsata lamuloli, timati makhalidwe, chifukwa likuchokera ku mneni kukhala amene h wake ndi wam'tsinde. Uchimo ndi dzina lina, lonena za mkhalidwe wonse wochimwa osati ntchito imodzi, ndipo mgwirizano wake ndi wosiyana: tchimo langa, machimo anga, uchimo wanga.

Funso lomaliza: "Kodi 'kubadwanso mwatsopano' si kubwereza? Nanga ndilembe 'ndine obadwanso' kapena 'wobadwanso'?"

Pa Yohane 3:3 Buku Lopatulika likuti kubadwa mwatsopano, popanda -nso. Mawu a Chigiriki amene ali pamenepo amatanthauza "kachiwiri" komanso "kuchokera kumwamba," n'chifukwa chake Nikodemo anafunsa za kulowanso m'mimba mwa amayi ake. Kubadwanso pakokha kumanena kubwereza, mwatsopano amanena kuti kubadwako ndi kwa mtundu wina. Akaphatikizana aliyense akuwonjezerapo chake, ndiye sitikuona chifukwa chowaletsera. Pa mutu wa nkhani kapena pa chikwangwani, pomwe malo ndi ochepa, "kubadwa mwatsopano" kwakwana.

Pa kalembedwe, wo- ndi wa munthu mmodzi, o- ndi wa anthu ambiri kapena waulemu. Polankhula mofulumira w uja amamezeka, ndipo ndi mmene "ndine obadwanso" anafalikira pa Facebook. Lembani kuti "ndine wobadwanso mwatsopano," "ndife obadwanso mwatsopano," ndipo ponena za bambo anu kapena abusa, "ndi obadwanso mwatsopano." Lamulo lomweli ligwire pa wochimwa ndi ochimwa, wokhulupirira ndi okhulupirira, wopulumutsidwa ndi opulumutsidwa.