Manijala akamulanda mpira woponya: yankho kwa m'bale wa ku Indiana

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito ku Indiana, ku America. Akuti anayamba kuonera baseball chifukwa cha anzake a kuntchito, ndipo chikumudabwitsa n'chakuti m'mawa uliwonse anzakewo amakhalira kudzudzula manijala wa timu yawo. Funso lake ndi ili: "Kodi masapotawa amanena zoona, kapena ndi mkwiyo chabe wa munthu woluza? Nanga manijala ali ndi mphamvu yanji, poti ena akuti masiku ano amangotsatira zimene kompyuta yamuuza?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Mukamvetsera bwino madandaulo a anzanuwo, mupeza kuti ambiri amazungulira pa chinthu chimodzi: nthawi imene manijala wachotsera woponya mpira (amene amaponyera mpira omenya a timu inayo), kapena imene walephera kumuchotsa. Zina monga ndani ayambe kumenya, ndani akhale pabenchi, anthu amaiwala pofika mawa. Koma kuchotsa woponya kumachitika aliyense akuona. Manijala amatuluka pamene pamakhala timu yake, atavala yunifolomu ngati osewera ake, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa kachulu ka pakati pa bwalo. Akafika amatambasula dzanja, woponya uja n'kumupatsa mpira. Wachotsedwayo sabwereranso mu gemu imeneyo. Anthu masauzande ambirimbiri amakhala aona amene wapanga chisankhocho, ndiye zikalakwika sasowa woloza chala. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndikufotokozereni za usiku umene unandisowetsa tulo. Pa 27 Okotobala 2020, ku Arlington, Texas, Tampa Bay Rays inkasewera ndi Los Angeles Dodgers mu gemu ya 6 ya World Series, mpikisano womaliza wa chaka umene timu yoyamba kupambana magemu 4 imatenga chikho. Dodgers inali itapambana kale magemu 3, Rays 2, kutanthauza kuti Rays ikangogonja basi zake zada. Kuno kwathu gemuyo inayamba cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo ndinaionera pa kompyuta nditadziphimba bulangete, mawu nditatsitsa kuti ndisadzutse ana. Randy Arozarena wa Rays anamenya home run (mpira wouluka kudutsa mpanda wa bwalo, womenya n'kugoletsa) mu inning yoyamba (gemu imakhala ndi zigawo 9 zotchedwa inning, ndipo amawonjezera zigoli zikafanana), Rays n'kutsogola 1-0. Woponya wawo, Blake Snell, anali pa moto. Omenya atatu oyambirira a Dodgers, Mookie Betts, Corey Seager ndi Justin Turner, aliyense anakumana naye kawiri, ndipo maulendo onse 6 anabwerera ndi strikeout, kutanthauza kutulutsidwa chifukwa chophonya mpira katatu. Anthu aluso ngati amenewo ankangokupiza ndodo mumphepo.

Mu inning ya 6, womenya mmodzi atatulutsidwa kale, Austin Barnes wa Dodgers anamenya kampira kodutsa pakati n'kufika pa base yoyamba (mwa malo anayi amene womenya amazungulira kuti agoletse). Aka kanali kachiwiri kokha usiku wonse kuti munthu amumenye Snell bwinobwino. Anali ataponya mipira 73 yokha, strikeout 9, osapereka walk (kufikitsa womenya pa base mwaulere chifukwa choponya mipira inayi yophonya malo) ngakhale imodzi. Ndiye ndinangoona Kevin Cash, manijala wa Rays, akutuluka. Snell anatembenuza nkhope, milomo ikuyenda, ndipo sizinafunike womasulira kuti udziwe kuti mawuwo sanali okoma. Analowa Nick Anderson. Betts anamenya mpira womufikitsa pa base yachiwiri, Anderson anaponya mpira wosochera Barnes n'kugoletsa, kenako Seager anamenya wapansi Betts n'kuthamangira ku base yomaliza kukagoletsa. Mwa mphindi zochepa 1-0 inasanduka 2-1. Dodgers inapambana 3-1 n'kutenga chikho chake choyamba chichokereni 1988.

Kunja kutacha, dziko lonse la baseball linali pa Cash. Ngakhale osewera a Dodgers sanabise kuti mitima yawo inakhala pansi ataona Snell akutuluka. Inenso ndinakwiya, ndipo ndikaonanso kanema wake mtima umandiwawabe.

Koma Cash sanachite zamisala, ndipo apa ndi pamene funso lanu la kompyuta likubwera. Pali chinthu chimene owerengera manambala a baseball anachiona kalekale: womenya akamakumana ndi woponya yemweyo kachitatu mu gemu imodzi, amamenya bwino kuposa poyamba. Maso amakhala azolowera liwiro la mpira, waona mmene ukukhotera, komanso mkono wa woponya wayamba kulema. Betts ankabwera kachitatu. Snell chaka chimenecho sanamalizepo ma inning 6 mu gemu iliyonse. Mu gemu ya 2 ya World Series yomweyo anaponya bwino kwambiri mpaka inning ya 5, kenako zinthu zinasokonekera mwadzidzidzi, Chris Taylor n'kumumenya home run. Cash zonsezi ankazidziwa. Ndipo kachitidwe kochotsa woponya msanga ndi komwe kanaifikitsa Rays pamenepo. Ndi timu yosauka poyerekeza ndi Dodgers kapena Yankees, koma inapambana magemu 40 pa 60 a chaka cha mliri chija, kuposa timu ina iliyonse mu American League, imodzi mwa maligi awiri a baseball yaikulu ya ku America. Munthu sungamuuze kuti ataye khasu limene walimira munda wonse pamene watsala ndi mzere umodzi.

Pamene ine ndimamupezera cholakwa Cash ndi pa munthu amene anamuitana. Anderson anali woopsa mkati mwa sizoni, ERA yake (avareji ya zigoli zimene woponya amalola pa ma inning 9 alionse) inali 0.55 yokha, koma mu Okotobala anali atatha. Magemu 6 otsatizana gemu imeneyi isanafike, anali akumenyedwa ma run (zigoli) mu iliyonse. Komanso chaka chomwecho kunali kutayamba lamulo loti woponya wolowa akumane ndi omenya osachepera atatu pokhapokha inning itatha, ndiye kumulowetsa kunali kumupereka kwa Betts, Seager ndi Turner. Chaka chotsatira zinadziwika kuti mtsempha wa m'chigongono mwake wang'ambika pang'ono, ndipo anakhala panja pafupifupi sizoni yonse. Manambala a sizoni ankati Anderson ndi wodalirika, koma milungu itatu yapitayo inkanena zina, ndipo Cash anasankha kumvera akalewo. Kompyuta sinamukakamize. Pepala la manambala amakonza ndi a ku ofesi, zoona, ndipo masiku ano manijala amakambirana nawo gemu isanayambe, koma woyenda kupita pa kachulu kaja ndi iyeyo.

Tsono taonani mbali inayo, kuti mumvetse chifukwa chimene sindikhulupirira mfuu ya masapota mwachimbulimbuli. Pa 16 Okotobala 2003, ku Yankee Stadium, Boston Red Sox inkalimbana ndi New York Yankees mu gemu ya 7, wopambana apite ku World Series. Boston inali isanatenge chikho chichokereni 1918. Pedro Martínez, woponya amene ambiri amamuika pakati pa akatswiri a nthawi zonse, atamaliza inning ya 7 analoza kumwamba monga ankachitira akamaliza ntchito, anzake n'kumukumbatira. Aliyense ankadziwa kuti Pedro akadutsa mipira 100 mphamvu zimachepa, ndipo oponya olowa m'malo, Mike Timlin ndi Alan Embree, anali akuchita bwino mwezi wonsewo. Manijala Grady Little anamubwezabe mu inning ya 8, Boston ikutsogola 5-2. Derek Jeter anamenya, Bernie Williams anamenya, zigoli n'kukhala 5-3. Little anapita pa kachulu, analankhula naye, anamusisita, n'kubwerera yekha mpira atamusiyira. Hideki Matsui anamenya, Jorge Posada anamenya kampira kofooka kogwera pakati pa anthu, 5-5. Pedro anatuluka ataponya mipira 123. Mu inning ya 11 Aaron Boone anamenya home run, Boston n'kulira. Pasanathe milungu iwiri Little ntchito inamuthera.

Little ananyozedwa chifukwa chokhulupirira mtima wake ndi katswiri wake, osamvera manambala. Cash ananyozedwa chifukwa chomvera manambala, osakhulupirira katswiri wake. Ndikutsimikiza kuti alipo anthu amene anatukwana onse awiri osaona kuti akudzitsutsa. Mpira wa Posada uja ukanagwera m'manja mwa munthu, lero bwenzi tikuti Little anali wolimba mtima. Betts akanamenyera mpira wake pa munthu, za Snell bwenzi zitaiwalika. Sapota amaweruza zotsatira ataziona kale, pamene manijala amasankha mpira usanaponyedwe. Komanso pa gemu ya Rays ija anthu amaiwala kuti timuyo inagoletsa run imodzi yokha usiku wonse. Ngakhale Snell akanatsala, kupambana 1-0 pamaso pa omenya a Dodgers sinali nkhani yapafupi, ndipo kunali kudakali gemu ya 7.

Izi sizikutanthauza kuti masapota amalakwa nthawi zonse. Ulipo mlandu umene ndimaima nawo popanda kukayika. Mu Okotobala 2016, Baltimore Orioles inkasewera ndi Toronto Blue Jays gemu imodzi yokha yoti wogonja apite kwawo. Buck Showalter, manijala wodziwa ntchito yake, anali ndi Zach Britton, woponya wa Orioles wolowa kumapeto kwa gemu, amene chaka chimenecho anateteza chipambano maulendo 47 pa 47 ndi ERA ya 0.54. Gemu inafika inning ya 11 ili 2-2, Britton ali chikhalire. Showalter ankamusungira nthawi imene timu yake idzatsogole, monga mwa mwambo wakale wa timu yosewera koyenda. Analowetsa Ubaldo Jiménez, ndipo Edwin Encarnación anamenya home run ya ma run atatu, sizoni n'kuthera pomwepo. Apa anthu sanadikire zotsatira. Anali akufuula kuti "Britton ali kuti?" kuyambira inning ya 9. Kudzudzula kotereku ndimakulemekeza, chifukwa kunanenedwa zinthu zisanaonongeke ndipo kunali ndi chifukwa chomveka.

Palinso mkwiyo wina umene manambala sangauyankhe, ndipo ndimaumva mumtima mwanga. Pa 13 Epulo 2022 ku Minneapolis, Clayton Kershaw wa Dodgers anaponya ma inning 7 popanda munthu ndi mmodzi yemwe kufika pa base, strikeout 13, mipira 80 yokha. Anatsala ndi anthu 6 kuti achite perfect game (kumaliza gemu yonse popanda womenya aliyense kufika pa base), chinthu chimene chachitika maulendo osakwana 30 m'mbiri yonse ya baseball yaikulu ya ku America. Manijala wake, Dave Roberts, anamuchotsa. Zifukwa zinalipo: inali gemu yake yoyamba ya chaka, kunkazizira, mkono unamuvuta chaka chapitacho, ndipo nthawi yokonzekera sizoni inafupika chifukwa cha mkangano wa eni matimu ndi osewera. Kershaw mwiniwake ananena kuti chisankhocho chinali cholondola. Sindingatsutse. Komabe munthu amene anagula tikiti tsiku limenelo, atakhala pa mphepo ndi mwana wake, analandidwa chinthu choti akanadzasimbira adzukulu. Akadandaula, sikuti sadziwa masewero. Manijala amalipidwa kuti timu ipambane mu Okotobala, pamene sapota anabwera kudzaona munthu akuchita chodabwitsa lero, ndipo zofuna ziwirizi nthawi zina sizigwirizana.

Za mphamvu ya manijala, ndinganene kuti ndi yocheperapo kusiyana ndi mmene anzanuwo akuganizira. Sizoni ili ndi magemu 162, ndipo timu imapambana makamaka chifukwa cha osewera amene a ku ofesi anagula kapena kulera. Ntchito yaikulu ya manijala sitiiona pa TV: kusunga anthu 26 ochokera ku America, Dominican Republic, Venezuela, Japan ndi kwina kuti akhale chinthu chimodzi kwa miyezi 6, kuuza wamkulu wa zaka zambiri kuti lero sasewera popanda kumuchotsa ulemu, kudziwa amene mkono ukumupweteka koma akubisa. Cash yemwe uja anasankhidwa kukhala manijala wopambana mu American League mu 2020 ndi mu 2021. Roberts, amene masapota a Dodgers akhala akumupempherera kuti achotsedwe pafupifupi chaka chilichonse, watenga World Series mu 2020, 2024 ndi 2025, ndipo mu 2025 mmodzi mwa oponya ake anali Blake Snell yemwe uja.

Ndiye Lolemba anzanuwo akayambanso, musawatsutse, ingowafunsani kuti akanalowetsa ndani, ndipo munthuyo anaponya mipira ingati dzulo ndi dzana. Amene ayankhe funso limenelo muzikhala naye pafupi poonera gemu, adzakuphunzitsani zambiri. Inunso yesani izi: manijala akangotuluka kupita pa kachulu, nenani mokweza ngati mukugwirizana naye, wolowayo asanaponye mpira woyamba, ndipo muzilemba penapake kwa mwezi umodzi. Mukadzandilemberanso mundiuze mmene mwachitira, komanso mundiuze timu imene anzanuwo amasapota, poti kumeneko ku Indiana ena ndi a Cubs, ena a White Sox, ena a Reds, ndipo aliyense ali ndi madandaulo akeake.