Kupinda mafenda a Polo Vivo: yezani kaye musanagule malimu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati Polo Vivo yanu munaitsitsa ndi ma coilover (masipuling'i ndi mashoko otheka kukweza kapena kutsitsa galimoto), tsopano mukufuna kuchotsa malimu a mainchesi 15, a 6J ET40, kuti muike a 17, a 8J ET30, ndipo mukufunsa ngati kupinda mafenda kungaletse matayala kukhula. Ine ndimagogoda ndi kupenta magalimoto cha ku Booysens, kuno ku Joni (Johannesburg), zaka 9 tsopano, ndipo mafenda ndapinda ambiri. Ndikupemphani chinthu chimodzi: ndalama ya malimuwo musapereke kaye.

Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Nambala ya J ndi mulifupi wa limu mu mainchesi, choncho kuchoka pa 6J kufika pa 8J limu lakula ndi mainchesi awiri, theka lake limapita mkati, theka lina kunja, ndiye kuti kunja kwatuluka mamilimita 25. Nambala ya ET imasonyeza mu mamilimita mmene limu lalowera mkati; ikatsika, limu limasunthiranso kunja, ndipo inu mukutsitsa kuchoka pa 40 kufika pa 30. Zonse pamodzi, m'mphepete mwa limu mutuluka ndi mamilimita 35, pomwe mkati muyandikira coilover ndi mamilimita 15. Tsono kupinda fenda sikukuza galimoto ayi. Pisani dzanja kunsi kwa fenda yakumbuyo, mumva kamlomo kachitsulo koloza kutayala. Ntchito yonse ndi kugoneka kamlomoko m'mwamba kuti kasadule mphira. Malo amene mumapeza ndi mulifupi wa kamlomoko basi, pafupifupi chala chimodzi. Magalimoto ena atsopano amabwera kamlomoko katagonekedwa kale, moti palibenso chopinda.

Mukaumirira 8J ET30, pafunika kukokanso fenda yonse kuti itulukire kunja, kapena kupendeketsa kwambiri mawilo, kapena kukakamiza tayala laling'ono pa limu lalikulu. Kupendeketsa kumadya tayala mkati, kumene simuonako, mpaka waya kutuluka kunja kukuonekabe kwatsopano. Tayala lokakamiza limasiya limu pamtetete, ndipo ndi maenje amene amabadwa m'misewu ya Joni mvula ikayamba, limu lotero silichedwa kupindika. Ikanakhala yanga, ndikanatenga 7J ET38, imene ikutuluka ndi mamilimita 15 okha, kapena 7.5J ET35, imene ikutuluka ndi 24. Tayala likhale 205/40 R17, chifukwa msinkhu wake ndi mamilimita 596, wofanana ndi wa 195/55 R15, tayala la pa limu la mainchesi 15. Wina akakuuzani kuti 215/45 R17 ndi lofewa bwino, dziwani kuti ndi lalitali ndi pafupifupi mamilimita 30, ndipo pa galimoto yotsitsa lidzagunda denga la fenda ngakhale mupinde chotani. Muonenso kuti mabowo a mabauti pa limu ndi 5x100 (mabowo asanu pa mzere wozungulira wa mamilimita 100), poti malimu ambiri otchipa ndi a 4x100, a Citi Golf ndi Tazz.

Kapindidwe kake tsopano, poti ndi pamene ambiri amalirira. Mu gulu muno ndaona wina akuti mungolowetsa mpaipi pakati pa tayala ndi fenda, mnzanu n'kumayendetsa galimoto pang'onopang'ono. Chonde musatero. Mwezi wa June chaka chatha anabwera mnyamata wina wakwathu ku Mangochi, Golf yake yofiira, ataipinditsa motero kuseri kwa nyumba ina m'mawa kukuzizira. Penti inali itang'ambika kuzungulira fenda yonse ngati chigoba cha dzira, chitsulo chili mafundemafunde, ukayendetsapo chikhatho n'kumamva zitunda. Anaima pakhomo pa galaja akusisita pamenepo, osayankhula. Galimoto imeneyo anaisungira ndalama zaka zitatu. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa fenda yakutsogolo ndi ya mabauti, umamasula n'kukagula ina ku sikirapu, koma yakumbuyo ndi yowotcherera ku thupi la galimoto. Ikaonongeka ndi kugogoda, kumata ndi kupenta mbali yonseyo.

Ife timayamba ndi kutsuka. Kuseri kwa kamlomo kuja kumakhala dothi ndi timiyala, ndipo ukapinda zili momwemo zimatulukira kunja ngati ziphuphu pa penti. Kenako timayendetsa maginito m'mphepete monse. Pamene sakugwira bwino, pali putty, phala lomatira pamene panagundidwa pa ngozi yakale, ndipo putty sapindika, amasweka. Ngati galimoto yanu munagula kwa munthu, ichi musachidumphe. Tikatero timaikhazika pa masitandi, kuchotsa wilo, kumanga chopindira pa habu ndi mabauti a wilo omwewo, n'kumasula handibuleki kuti habu izizungulira. Penti timaifunditsa ndi heat gun, chipangizo chouzira mpweya wotentha, mpaka madigiri 50 kapena 60 Celsius, kutentha koti dzanja limakhudza koma silikhalitsapo. Penti yozizira imang'aluka, yotenthetsa imachita matuza, choncho mmodzi amagwira moto n'kumauyendetsa, wina akupinda. Gudumu la chopindira limapita uku ndi uku, kumanga pang'ono, kupitanso, kumanganso pang'ono, kamlomo n'kumagona mwakachetechete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbali imodzi ikhoza kudya theka la ola kapena kuposa, ndipo munthu wokuuzani kuti zonse zinayi atha mu mphindi 20 musamusiyire makiyi.

Ngakhale mmisiri wabwino sangalumbire kuti penti sing'aluka, makamaka yakale kapena yopentedwanso. Mugwirizane ntchito isanayambe kuti ikang'aluka akonza ndani. Akamaliza, auzeni apake mankhwala oteteza dzimbiri mu mpindiro muja. Pamenepo pasanduka kathumba kosunga matope, ndipo mvula ya kuno kuyambira October mpaka March ikalowamo, dzimbiri limayambira mkati n'kudzaonekera kunja mochedwa.

Kutsogolo nthawi zambiri chokhula sichikhala chitsulo. Limakhala pulasitiki la mkati lija, kapena kakhutu kamene kamagwira bampala. Khotetsani chiongolero mpaka kumapeto mbali zonse, muone pamene pakunyezimira chifukwa chokhulika. Pulasitikilo lichepetseni kapena kuliwumba ndi moto, osalichotsa lonse, limatchinga madzi ndi miyala.

China chimene ife a ku Malawi sitiyenera kuiwala ndi ulendo wa December. Galimoto imene ikuyenda bwino pa msewu wa M1 kuno ku Joni muli nokha si yomweyo mukakweza anthu anayi ndi katundu wodzaza buti, kulowera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Kumbuyo kumakhala pansi, ndipo pa hampu iliyonse kamlomo kamasenda m'mbali mwa tayala, mbali yopyapyala imene simatika. Tayala lotero limaphulika lili pa liwiro, ana ali m'galimoto. Ubwino wanu muli ndi ma coilover, ikwezeni musananyamuke, mukapangitsenso alayimenti. Mutha kuyeseratu lero lomwe: pemphani wogulitsa amange limu limodzi ndi tayala lake kumbuyo, anzanu atatu akhale pampando wakumbuyo, inu mupise zala pakati pa tayala ndi fenda. Ogulitsa ambiri amalola akaona kuti mwatsimikiza zogula.

A inshuwalansi auzeni kuti galimoto munaitsitsa ndi kusintha mawilo, angadzakane kulipira tsiku la ngozi. Apolisi a mzinda wa Joni, a JMPD, nawo akaona tayala lodulika m'mbali ali ndi mphamvu yoletsa galimotoyo kuyenda mpaka itakayezedwanso.

Tijambulireni kunsi kwa fenda yakumbuyo mutachotsa wilo, ndipo mutiuze kuti ndi Vivo ya chaka chanji, poti yoyamba ya 2010 ndi imene inabwera mu 2018 matupi ake ndi osiyana. Ndikaona kamlomoko ndikuuzani ngati pali chopinda.