Kodi pangano la mtendere ndi osakhala Asilamu limalemekezedwa m'Chisilamu?

FUNSO: Akonzi, ndimamva ena akunena kuti Chisilamu chimaona dziko lililonse losakhala la Asilamu ngati mdani, ndiponso kuti Asilamu akasaina pangano la mtendere amangochita mochenjera podikira kuti apeze mphamvu. Kodi zimenezi n'zoona? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Maganizo amenewa, owerenga athu, amachokera kwa akatswiri akale a malamulo a Chisilamu, omwe anagawa dziko lapansi kukhala dera la Chisilamu ndi dera la nkhondo. Kagawidwe kameneka mulibe m'Qur'an, ndipo kanabwera pa nthawi imene maufumu oyandikana ankakhalira kumenyana.

Kuti mudziwe kulemera kwa pangano, yang'anani zimene zinachitika ku Hudaybiyya, malo a pafupi ndi Makka, m'chaka cha 628, pamene Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anagwirizana ndi Akuraishi, fuko lolamulira ku Makka, kuti pasakhale nkhondo kwa zaka 10. Nthumwi yawo, Suhayl ibn Amr, inakana kuti m'chikalatacho mulembedwe "Mtumiki wa Allah", ndipo Mtumikiyo analola kuti mawuwo afufutidwe. Posakhalitsa kunafika Abu Jandal, mwana wa Suhayl yemweyo, yemwe anali atalowa Chisilamu, akukoka maunyolo ndi kupempha chitetezo, koma anabwezedwa kwa bambo ake chifukwa panganolo linkatero. Maswahaba, omwe anali otsatira a Mtumiki, zinawapweteka mtima kwambiri, makamaka mmodzi wa iwo, Umar. Asilamu anagonjetsa Makka m'chaka cha 630 pokhapokha anzawo a Akuraishi ataukira fuko la Khuza'a, lomwe linali mbali ya Mtumiki, zomwe zinaphwanya panganolo.

Qur'an 8:61 ikulamula kuti mdani akafuna mtendere nawenso uvomere, pamene 8:58 ikuti ukaopa chinyengo, uthetse panganolo poyera, osamuukira mnzakoyo mozemba. Ndime imene ine imandigwira mtima ndi 8:72, yomwe ikuletsa kuthandiza ngakhale Asilamu anzako pomenyana ndi anthu amene uli nawo pa pangano.

Pamene akatswiri anasiyana ndi pa kutalika kwa pangano. Imam al-Shafi'i ankati lisapitirire zaka 10, potsata Hudaybiyya, pomwe otsatira Abu Hanifa sanaike malire amenewo malinga ngati panganolo lili lopindulitsa Asilamu. Lero pafupifupi mayiko onse 57 a m'bungwe la Organisation of Islamic Cooperation ndi mamembala a United Nations, ndipo polowamo anavomereza mfundo yothetsa mikangano mwamtendere, yomwe ilibe tsiku lothera.