Mwana akufuna ntchito yosaka osewera mu NFL, ndimuletse?

Mayi wina wa ku Maryland wandilembera imelo. Mnyamata wawo wamaliza koleji, matimu a NFL, ligi yaikulu ya mpira wa chi America, sanamutenge pa draft (nthawi imene matimu amasankha osewera atsopano ochokera m'makoleji), tsono akuti akufuna kukhala scout, wosaka osewera. Amuletse?

Mayi, mwandigunda pachilonda.

Ine ndinayesapo. Nditangofika ku America ndinkathandiza pa kakoleji kena kudula mavidiyo a masewero. Kachipinda kopanda zenera, khofi wozizira, kubwereza kachigawo kamodzi kakhumi kuti ndione phazi limene mnyamata wa pamzere akuyamba kuponda. Malipiro ake ogulira sopo basi. Kumudzi akudikira ndalama ya feteleza, ine ndili kalikiliki kuwerenga mapazi a ana a eni. Chaka chachiwiri ndinasiya n'kukayamba yosamalira okalamba. Mpaka lero Epulo akafika, nthawi ya draft, ndimakhala pa TV ndi kope m'manja, mkazi wanga akundiseka.

Inu muli pafupi ndi Baltimore, dzina la Ozzie Newsome mwalimvapo. Anasewerera Cleveland Browns kuyambira 1978 mpaka 1990, katswiri weniweni, koma atasiya kusewera anakayambira pansi, kuonera matepi m'nthawi ya kochi Bill Belichick. Timu itasamukira ku Baltimore mu 1996 n'kukhala Ravens, pa draft yoyamba anatenga Jonathan Ogden pa nambala 4 ndi Ray Lewis pa 26. Onsewo ali mu Hall of Fame, mndandanda waulemu wa akatswiri opambana. Mu 2002 anakhala munthu wakuda woyamba kukhala general manager, bwana wosankha osewera a timu, mu NFL. Pa draft yake yomaliza mu 2018 anatola Lamar Jackson pa nambala 32, pomwe ena ankati mwanayo si quarterback, woponya mpira wotsogolera timu. Diso lotere siligulidwa, limakula m'kachipinda konga kaja ndinathawa ine.

Wondipweteka mtima kwambiri ndi Eric DeCosta. Sanasewereko mu NFL. Analowa ku Ravens mu 1996 ngati wotumidwatumidwa, mpando wa general manager anaukhala mu 2019. Zaka 23! Ine ziwiri zokha ndinagwa ulesi.

Ndipo ndinene mosabisa, ife makolo ochokera kwathu timawonjeza. Mwana akapanda kunena unesi, udokotala kapena uinjiniya timaona ngati walodzedwa. Inenso palibe anandikakamiza kusiya, koma manyazi a pa foni, pofunsidwa kuti "kodi ukugwira chiyani kumeneko," anandikwanira. Poyamba ndimati ndikuyankheni mbali zonse ziwiri, koma ayi, musamuletse. Zoona, matimu ndi 32 okha, mipando ya pamwamba ndi yomweyo, ndipo scout amagonera m'mahotela miyezi yambiri akuzungulira makoleji. Zimenezo azidziwe yekha, zimugwetse zokha ngati n'zomugwetsa.

Tsono ayambire pati?

Apemphe makochi ake akale amulowetse mu ofesi ya recruiting, yosaka osewera atsopano, pa koleji pomwepo, aphunzire kulemba malipoti a osewera, ndipo Januwale akafika apite ku Mobile, Alabama, ku Senior Bowl, masewero a akatswiri a m'makoleji, kumene ma scout amasonkhana. Lendi ya chaka choyamba mwina mulipira ndinu, Mayi.