Laputopu yakaleyo musaigulitse kaye

Achemwali, mwati mukufuna kusamutsira zinthu zanu pa external (kachipangizo kosungira mafayilo kolumikiza ku kompyuta ndi chingwe), kenako mufufute laputopu yakale n'kuigulitsa. Chonde, wogulayo adikire. Kuika zonse pa external imodzi n'kufufuta laputopu yakale ndi zomwe zinandiliza ine, ndipo mpaka lero ndikamva kaphokoso ka tiki tiki mtima umandithamanga.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe konkuno ku Mzuzu. Laputopu yanga itatopa ndinagula ina, ndiye ndinanyamula zonse ziwiri pamodzi ndi external ya 1TB kupita kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni kuti andisamutsire zinthu. Ndinamuuza kawiri konse kuti akope. Iye anachita cut, kusuntha mafayilo kupita pa external osasiya kope pa laputopu. Atatero anafomata yakale ija, kufufutiratu zonse, osandifunsa, n'kuikamo Windows yatsopano, ati poti ndikugulitsa ikhale yoyera. Pa laputopu yatsopano sanaikepo kanthu, anati kwada, ndikamalize ndekha kunyumba. Ntchito ya zaka 6 inatsala pamalo amodzi, m'kachikwama kanga ka m'manja.

Mvula ya kuno mukuidziwa. Ndinakwera kabaza wa ku Chibavi, tayala linaterereka pamatope, chikwama phi! pansi. Sichinagwe patali ayi, mwina kuchokera m'bondo basi. Ndinachitola, kupukuta matope, ulendo n'kupitirira.

Kufika kunyumba ndinalumikiza. Kanyali kanayaka bwinobwino. Kenako tiki, tiki, tiki, kukhala chete, tiki, tiki. Pa sikirini panabwera uthenga woti ndiyambe ndafomata ndisanaigwiritse ntchito. Ndinazula, kubayanso mbali ina, chimodzimodzi. Ndinakagogoda kwa aneba usiku womwewo kubwereka chingwe, chimodzimodzi. Ndinaiika pakhutu ngati ndikumvetsera mwana wodwala, manja akunjenjemera, thukuta kutuluka kunja kukuzizira chonchija. M'menemo munali ukwati wa Loweruka lapitalo, ndipo khadi ya mu kamera ndinali nditaifufuta kale n'kujambulirapo chinkhoswe. Munalinso zithunzi za malemu mayi anga, zomwe ndinawajambula kwathu ku Ntcheu atakhala pakhonde akutong'ola chimanga, mpango wobiriwira uli kumutu. Foni inalira, amake a mkwatibwi akufunsa kuti zithunzi atenga liti, achibale a ku Karonga akufuna kuona asanabwerere. Ndinangoti mawa, mayi. Ndinakhala pansi pa simenti mpaka kunja kunacha.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti nditabwerera kwa mnyamata uja sanapepese n'komwe. Anangoti external zimafa basi. Anaitenga n'kuiyatsa usiku wonse ndi mapulogalamu ake ofunafuna mafayilo, osadziwa kuti akuimaliza. Mkati mwa external zamtunduwu muli kambale kozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake osakakhudza. Ikagwa kamutu kaja kamawonongeka, ndiye ukamaiyatsabe kamakanda kambale komwe kali ndi zinthu zakoko. Munthu wodzitcha katswiri osadziwa zimenezi? Ndipo ndalama ya ntchito anaifunabe, maso ali gwa! Banja lija ndinalibwezera ndalama zonse, koma ukwati sabwereza. Zithunzi zochepa za ukwati ndinazipulumutsa pa khadi ndi pulogalamu yobweza mafayilo ofufutidwa ya Recuva, zomwe za chinkhoswe zinali zisanakwirire. Za mayi zinapita. External yakufayo ndinaikulunga m'kansalu, ili m'dilowa, kuitaya kumandikanika.

Ndiye chitani nokha, musapatse munthu. Copy, osati cut. Mukamaliza, ikani pa laputopu yatsopano tsiku lomwelo, mutsegule mafayilo, makamaka mavidiyo, muone kuti akusewera mpaka kumapeto. Pa Properties muyerekeze chiwerengero cha mafayilo mbali zonse. Yakaleyo ikhale mwezi wathunthu musanaifufute.

External gulanibe, ine pano ndili nazo ziwiri zamtundu womwe unandiliza uja, ina imakhala kwa mlongo wanga ku Luwinga. Ngati thumba likulola, external yamtundu wa SSD ndi yabwino kwa ife oyenda pa kabaza chifukwa ilibe kozungulira mkati. Ya 1TB ikaonetsa 931GB musadandaule, ndi mmene Windows imawerengera. Koma zija zolembedwa 2TB pamtengo wa fulashi, samalani, zina ndi zabodza, zimaonetsa ngati zalandira koma mafayilo osatseguka. Iyeseni ndi H2testw, pulogalamu yoona kukula kwake kwenikweni, musanaikhulupirire. Ngati yatsopanoyo ndi Mac, pofomata external musankhe mtundu wa exFAT, chifukwa ya NTFS Mac imangowerenga, siilembapo. FAT32 imakana fayilo yopitirira 4GB. Dziwani kuti kusintha zimenezi kumafufuta zonse, ndiye muchite ikadali yopanda kanthu.

Zomwe simungazipezenso kwina, monga masatifiketi ndi zithunzi za makolo, ziikeninso pa Google Drive. Amapereka 15GB yaulere, bandulo ya usiku imakwana mukamakweza pang'onopang'ono. Ndipo external yanu isalowe m'makompyuta a kosindikizira mapepala, kumeneko n'komwe timatengako kavairasi kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut.

Ikadzayamba kulira tiki tiki, zulani pomwepo, musayesenso ngati mmene ndinachitira ine, ndipo ikapempha kufomata mukane. Pamenepo ndiye mufunefune katswiri weniweni, mumufunse kaye kuti achita chiyani asanaigwire. Musaiwalenso Desktop ndi Downloads, anthu timangokopa Documents. Mapasiwedi a mu Chrome muonetsetse kuti ali pa akaunti yanu ya Google musanatulukemo.