Malonda a mbande ku migodi ya Moatize

Alamu, mwafunsa mmene malonda anga a mbande za mitengo ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amayendera, ndiponso ngati mungalowemo ndi kampamba kanu. Kulowamo mungalowemo, koma muyambe mwadziwa chimene ogula amalipira.

Migodi ya malasha ya kumeneko ndi yofukula nthaka kuchokera pamwamba. Kampani ya Vale idayamba kukumba mu 2011, ndipo mu 2022 mgodi wakewo udagulitsidwa ku kampani ya Vulcan. Miyala ndi dothi zofukulidwazo amaziunjika milu italiitali, kenaka amayalapo dothi lachonde limene adapalula poyamba n'kulisunga padera. Malamulo a Mozambique amafuna kuti malo otere abwezeretsedwe, ndipo a AQUA, bungwe la boma loona zachilengedwe, ali ndi mphamvu zoyendera. Ine sindifika kwa eni mgodi. Ndimagulitsa kwa makontilakitala odzala mitengo pa milu imeneyo.

Kudzala kokha sikukwanira. Oyeza amadula timagawo, n'kuwerenga mitengo yamoyo ndi yakufa, kuona kuti udzu waphimba nthaka motani, ndi kuti mwamera mitundu ingati. Zimenezo amaziyerekeza ndi tchire lapafupi limene silidakumbidwe. Mvula ikamagwa paliponse pamaoneka pobiriwira, ndiye chiwerengero chonena zoona ndi cha mu Okutobala, dzuwa la ku Tete likapitirira madigiri 40, mbuzi nazo zitadyako. Amene ndimagwirizana nawo amandipatsa gawo la ndalama pomwepo, lotsala amati tidikire kuwerenga. Wina adandidula ndalama pa mitengo imene anyamata ake sadathirire n'komwe. Choncho za kuthirira ndi mpanda zilembedwe papepala musanatsitse katundu.

Mitengo ya kumtunda, ya ku Dedza kapena ku Angónia, musavutike nayo, imapsa. Bulugama ndi lukina zimakula msanga, inde, koma ndi zobwera, ndipo kwa woyerekeza ndi tchire lachilengedwe sizikuthandizani. Gwirani tsanya, msangu, mthethe ndi mlambe. Udzu wa vetiva umayenda malonda chifukwa umagwira dothi pamalo otsetsereka. Pa msangu chenjerani: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, anzake akuphuka, ndiye kuwerenga kukachitika nthawi imeneyo, kalaliki wosaudziwa angaulembe kuti wafa. Mukhalepo tsiku lowerengalo, mukande khungwa aone kuti mkati ndi mwamuwisi.

Tsono za paboda. Mbewu iliyonse yodutsa pa Mwanza kulowa Zóbuè imafuna chilolezo cha a zaulimi a ku Mozambique ndi chikalata cha ku Malawi chosonyeza kuti ilibe matenda. Mbande za m'machubu ndiye zimavuta koposa, chifukwa dothi limanyamula tizilombo, ndipo pamtunda wa makilomita ngati 100 kukafika ku Moatize zambiri zimafota pagalimoto. Ine ku Malawi ndimagula machubu, njere ndi neti ya mthunzi basi, nazale ndidaika tsidya lino. Njere za tsanya mumatola m'tchire la konkuno, osalipira msonkho wa paboda. Mtengo wogulitsira muzinena mu metikali, ndalama ya ku Mozambique, popeza kwacha ikagwa mukudikira ndalama yotsala ija, phindu latha.

Fesani mu Ogasiti kapena Seputembala kuti pofika Disembala mbande zikhale zokhwima. Milungu yomaliza muzichepetsa madzi ndi kuzichotsa pamthunzi, zizolowere dzuwa. Mukafuna kuyamba chaka chino, yambani ndi vetiva, ndalama yake sichedwa, ndipo mapesi obzala ndingakugaireniko a kudimba kwanga.