Fischer ndi Karpov akanakumana mu 1975, akanapambana ndani?

Funso: Akonzi, ku kalabu yathu ya chess takhala tikutsutsana za mpikisano umene unalephereka mu 1975, wa pakati pa Bobby Fischer wa ku America ndi Anatoly Karpov wa ku Soviet Union. Ena akuti Fischer anathawa chifukwa cha mantha, pamene ena akuti Karpov analandira ukatswiri wa dziko lonse osaukhetsera thukuta. Kodi akanakumana, akanapambana ndani? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Maganizo anga ndi akuti Fischer akanapambana, koma movutikira kwambiri, ndipo chimene chikanamuthandiza ndi kutalika kwa mpikisanowo.

Mphamvu za Fischer pa nthawiyo n'zosakayikitsa. Mu 1971 anagonjetsa Mark Taimanov 6-0, kenako Bent Larsen 6-0, chinthu chimene sichichitikachitika pakati pa akatswiri a msinkhu umenewo, chifukwa masewero awo ambiri amathera pa kufanana mphamvu. Mu 1972 ku Reykjavik, m'dziko la Iceland, analanda ukatswiri kwa Boris Spassky ndi mapointi 12.5 kwa 8.5, ngakhale kuti anayamba moipa. M'masewero oyamba bishopu wake anatsekeredwa atadya pawn ya m'mphepete ndipo anagonja, pomwe ku masewero achiwiri sanafike n'komwe podandaula za makamera. Munthu amene anadzuka kuchokera pa 0-2 si wofulumira kutaya mtima.

Komabe amene amapeputsa Karpov akulakwitsa. Mnyamatayu, yemwe anabadwa mu 1951, anapeza mwayi wokumana ndi Fischer atagonjetsa Lev Polugaevsky, Spassky ndi Viktor Korchnoi mu 1974, ndipo Karpov anagonjetsa Spassky yemweyo m'masewero anayi, iye n'kuluza amodzi okha. Kumbuyo kwake kunali mphunzitsi wake Semyon Furman pamodzi ndi akatswiri ena a dziko lake, pamene Fischer ankakonda kukonzekera yekha ndipo anali asanasewereko mpikisano uliwonse chichokereni ku Reykjavik. Zaka zitatu n'zambiri kwa wosewera chess, choncho ndikukhulupirira kuti Karpov ndiye akanatsogola m'masewero oyambirira.

Nkhani yagona pa malamulo. Fischer anafuna kuti wopambana akhale woyamba kupambana masewero 10, kufanana mphamvu kusawerengedwe, masewero asakhale ndi malire, ndiponso kuti zikafika pa 9-9 iye akhalebe katswiri. Bungwe la FIDE, loyang'anira chess pa dziko lonse, linavomera zina zonse koma linakana mfundo ya 9-9, Fischer anakana kusewera, ndipo mu Epulo 1975 Karpov anapatsidwa ukatswiri. Mpikisano wotere, umene unayenera kuchitikira ku Manila, ukanatenga miyezi ingapo, ndipo nthawi imeneyo ikanampatsa Fischer mpata wobwerera mwakale. Karpov anali wochepa thupi ndipo ankafooka mpikisano ukatalika. Polimbana ndi Korchnoi mu 1974 anatsogola 3-0 koma anagonja kawiri chakumapeto, ndipo mu 1984 anatsogola 5-0 polimbana ndi Garry Kasparov, koma pamene mpikisanowo unaimitsidwa mu 1985 patatha masewero 48 zinthu zinali pa 5-3, iye ali wotopa kwambiri. Ngati zinamuvuta kufika pa masewero asanu ndi amodzi amene ankafunika kuti apambane mpikisano wa 1984 uja, kufika pa khumi pamaso pa Fischer, munthu amene ankadana ndi kugwirizana msanga kuti afanana mphamvu, kukanamuvuta koposa.

Anzanu amene akuti Karpov sanakhetse thukuta muwakumbutse kuti iye anateteza ukatswiriwo kwa Korchnoi mu 1978 ndi mu 1981, ndipo anaugwira mpaka 1985, pamene Fischer anadzabwerera pa bolodi mu 1992 basi, kudzasewera ndi Spassky ku Yugoslavia.